Zimbale za makava ofiira zikukana kuonetsa, zinatani?

Chimz wa ku Chilinde: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndithandizeni nzeru. Loweruka ndinagula katoni ya mafilimu kwa venda wina amene amagulitsa katundu wa m'kontena. Zimbale 14, zenizeni ndithu osati zobena. Makava ake ndi ofiira, pamwamba analemba kuti HD DVD. Kufika kunyumba ndaika mu DVD yanga, ikukana kuwerenga. Ndapita nazo kwa mnzanga amene ali ndi PS4, nayonso yakana. Zonse n'zosakandika, zikuchita kuwala ngati galasi. Venda uja wandidyera masuku pamutu kapena pali china chimene sindikuchidziwa?

Gemu Mpaka Kuche: Kkkkk aise, safunsa anadya phula. Wagula maliro.

Kamagetsi wa ku Limbe: Musamuseke mnzanu. Mphwanga, mwina ngakhale venda wakoyo sankadziwa chimene akugulitsa. HD DVD si DVD wamba, dzina lokhalo ndi limene limasokoneza. Ndi mtundu wina wa chimbale umene unatuluka mu 2006 n'kufa mu 2008. DVD imene uli nayoyo imawerenga ndi kuwala kofiira. Izizi zimafuna laser ya buluu, imene kadontho kake ndi kakang'ono kwambiri, n'chifukwa chake pa chimbale chofanana kukula amakwanitsa kulembapo zambiri. Blu-ray nayo imagwiritsa laser ya buluu yomweyo, koma kalembedwe ka pa chimbale n'kosiyana, ndiye makina a Blu-ray ngati PS4 sangawerenge HD DVD. Zinali mbali ziwiri zolimbana: Toshiba ndi NEC uku, Sony, Panasonic, Philips ndi anzawo uko.

Chimz wa ku Chilinde: Ndiye kuti ndalama yanga yalowa m'madzi?

Ankolo a ku Leeds: Mwana wanga, usadandaule wekha, tilipo ambiri. Ine ndinagula makina ake enieniwo, Toshiba HD-EP30, kumapeto kwa 2007, ngati mphatso ya banja lonse ya Khirisimasi. Sipanathe miyezi itatu, Toshiba inalengeza kuti yasiya. Azakhali ako mpaka lero akafuna kundikhazika chete pa nkhani ya ndalama amangoti, "bambo ake, kodi kamakina kanu kofiira kaja kali bwanji?" Koma ndinene pano mosaopa: sindinalakwitse posankha. Chimene chinali chabwino kwa wogula ndi chimene chinagonja.

Gemu Mpaka Kuche: Ankolo ndi ulemu wonse, pamenepo ayi. Blu-ray imanyamula 25 GB pa leya imodzi, 50 GB pa maleya awiri. HD DVD inkathera pa 15 ndi 30. Anthu anaona okha chachikulu ndi chiti. Msika sunama.

Ankolo a ku Leeds: Iwe unali ndi zaka zingati mu 2007?

Gemu Mpaka Kuche: Ndinali sitandade 5, koma kuwerenga ndimatha ankolo kkkk.

Ankolo a ku Leeds: Ndiye tamvera amene tinaima m'sitolo ndi chikwama m'manja. Palibe amene ankafunsa za ma GB. Munthu unkafunsa zinthu zitatu: makinawa ndi ndalama zingati, filimu imene ndikufuna ilipo, nanga chimbale chochokera kwina chigwira? Pa mtengo Toshiba inali pansi nthawi zonse. Pa zachitatuzo, HD DVD inalibe malire a zigawo. Mlamu wanga wa ku America ankatha kunditumizira chimbale, ine n'kuonera konkuno popanda vuto. Blu-ray inagawa dziko patatu, A, B ndi C, ndipo makampani ena a mafilimu ankatsekadi zimbale zawo. Chinanso, makina aliwonse a HD DVD kuyambira oyambirira anali ndi polowetsa waya wa intaneti, komanso ankatha kuonetsa kachithunzi kena pakona filimu ili mkati, kaya wopanga filimu akufotokoza mmene anajambulira. A Blu-ray oyambirira analibe zimenezo. Anazibweretsa pambuyo pake, mwapang'onopang'ono, ndipo amene anagula makina oyamba odulawo anapezeka kuti zina za pa zimbale zatsopano sizikutseguka.

Kamagetsi wa ku Limbe: Pa chithunzi ndiikire umboni ankolo. Mitundu yonse iwiri pa chimbale pamakhala chithunzi cha mizere 1080, ndipo njira zopanikizira kanema zinali zomwezo zitatu: MPEG-2, VC-1 ndi AVC. Filimu imodzi ikatuluka mbali zonse, makamaka za kampani ya mafilimu ya Warner, nthawi zambiri inali kopi imodzimodzi yoikidwa pa zimbale ziwiri. Mutaika ma TV awiri pafupi simukanaloza kuti iyi ndi iti. Komanso zimbale zoyamba za Blu-ray mu 2006 zinatuluka pa 25 GB ndi njira yakale ija ya MPEG-2, ndipo zina zinkaoneka mofooka kuposa za HD DVD. Malo ambiri a Blu-ray anadzathandiza pambuyo, makamaka pa mawu osapanikiza ndi mafilimu ataliatali.

Kumene Toshiba inali ndi nzeru ndi ku fakitale. Pa HD DVD zolembedwazo zili pakuya kwa 0.6 mm, chimodzimodzi DVD, ndiye fakitale ya DVD inkangosintha pang'ono n'kuyamba kupanga. Pa Blu-ray zili pa 0.1 mm basi, pafupi kwambiri ndi kunja. Panafunika makina atsopano, komanso mankhwala olimba opaka pamwamba kuti chisakandike msanga. Zoyambirira zenizeni za ku Japan mu 2003 zinkakhala m'kabokosi kotsekeka chifukwa cha mantha omwewo.

Nangozo, Indiana: Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga koma apa ndilowepo chifukwa nkhondoyi kwenikweni inamenyedwera kuno ku America. Toshiba HD-A1 inatuluka mu Epulo 2006 pa madola 499. Samsung yoyamba ya Blu-ray inabwera mu Juni pa madola pafupifupi 1,000. Kawiri mtengo! Mu Novembala 2007 Walmart inagulitsa Toshiba HD-A2 pa madola 99, anthu anachita kulawirira m'mamawa kukaima pa mzere, ndipo panali ndi mwayi wolandira mafilimu aulere pa positi. Bambo a kunyumba kwathu anafuna kupita, ine ndinabisa makiyi a galimoto. Koma chodabwitsa n'chakuti ngakhale makinawo anali otsika mtengo chonchi, chaka chonse cha 2007 zimbale za Blu-ray zinkagulidwa pafupifupi ziwiri pa chimodzi cha HD DVD.

Gemu Mpaka Kuche: Mwamva ankolo? Ziwiri pa chimodzi. Ndiye muziti anthu sanasankhe?

Nangozo, Indiana: Dikira kaye mphwanga, sindinamalize. Funso ndi lakuti ankazionera pa chiyani. Yankho ndi PlayStation 3. Inatuluka mu Novembala 2006, ya madola 499 ndi ya 599, ndipo iliyonse inali ndi Blu-ray mkati mwake. Inali gemu yodula, koma nthawi yomweyo inali pakati pa makina a Blu-ray otsika mtengo kwambiri pa msika. Pamene Toshiba inkagonja, makina onse a HD DVD amene anagulidwa anali pafupifupi miliyoni imodzi, pomwe PS3 inali itadutsa mamiliyoni 10.

Ankolo a ku Leeds: Ndi zimene ndikunenazo. Sony inabisa mbedza m'nyambo. Mwana walirira gemu, bambo wagula gemu, mawa lake akudutsa pa shelefu ya mafilimu akuti, "aa, paja kunyumba tili ndi choonetsera izi." Ameneyo mukumuwerenga kuti anasankha Blu-ray? Sanayerekezepo n'komwe ndi inayo.

Gemu Mpaka Kuche: Koma Microsoft nayo inali ndi Xbox 360, ndipo inali kumbali ya Toshiba. Bwanji iyo sinakole anthu?

Kamagetsi wa ku Limbe: Chifukwa sinaike mkati. Xbox 360 inatuluka mu 2005 ndi DVD wamba. HD DVD inabwera mu 2006 ngati kabokosi kapadera kolumikiza ndi waya wa USB, madola 199, ndipo ntchito yake inali mafilimu okha, magemu ayi. Munthu unkayenera kutulutsanso ndalama mwadala. Ochepa ndi amene anatero. Sony inalolera kugulitsa PS3 pa mtengo wosafika pa ndalama zimene inkaononga poipanga, n'cholinga choti ilowe m'nyumba zambiri. Microsoft sinafune kutaya ndalama motero pa nkhondo ya eni ake.

Gemu Mpaka Kuche: Ndiye ndi nzeru za Sony zimenezo, si kuba. Komanso Blockbuster, masitolo obwereketsa mafilimu aja, anayesa mitundu yonse iwiri m'masitolo 250, n'kupeza kuti anthu oposa 70 pa 100 alionse akubwereka Blu-ray. Mu Juni 2007 anati m'masitolo ena 1,450 aikamo Blu-ray yokha. Amenewo si anthu akusankha ndi ndalama zawo?

Nachisale ku Joni: Abambo inu mukukangana ngati kuti dziko lonse linali mbali ziwirizi. Ine zaka zimenezo ndinkagwira ntchito m'sitolo ina ya zamagetsi kuno ku Johannesburg, ndipo ndikuuzeni zimene ndinkaona ndi maso. Pa makasitomala amene ankabwera ku mbali ya ma TV, ambiri sankafuna ngakhale imodzi mwa ziwirizo. Munthu wangomaliza kumene kusintha makaseti ake onse kupita ku DVD, ndiye umuuze kuti ayambirenso? Ena ankaima, kuyang'ana TV yachionetsero, n'kuvomera kuti eya, zikuoneka bwino. Akafunsa mtengo wa chimbale ankangoseka. Ena ankafunsa kuti ipambane ndi iti, ife osadziwa, iwo n'kuti "ndidzabwera mukadzagwirizana." Wosankha weniweni ndi ameneyo, amene anabweza chikwama m'thumba.

Chinanso chimene anthu amaiwala: kuti uone kusiyana unkafunika TV ya HD, yaikulu ndithu, ndi waya wa HDMI. Ambiri anali adakali ndi ma TV a chimsana aja. Ndinaonapo bambo wina atagula makina odula, n'kukalumikiza ndi waya wachikasu uja pa TV yakale, kenako kubwera kudzakalipa kuti tamugulitsa chinthu chosasiyana ndi DVD.

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Mayi Nachisale mwalankhula zakupsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife akale tinaphunzira pa makaseti a vidiyo. Sony inatulutsa Betamax mu 1975, JVC inabwera ndi VHS mu 1976. Ambiri ankati Betamax ili ndi chithunzi chabwinoko, koma VHS inkajambula nthawi yaitali ndipo makampani ambiri ankaipanga. Pofika 1988 Sony yomweyo inayamba kupanga makina a VHS. Mnzanga wina amene anakaphunzira kunja anabwera ndi deki ya Betamax, tinkakhamukira kwawo kukaonera makaseti atatu omwewo mpaka tinawaloweza pamtima, chifukwa ena oti abwereke kunalibe. Ndiye pamene za zimbalezi zinayamba, aliyense wokumbukira zimenezo anapinda manja. Ndipo ndikuganiza kuti Sony nayo inakumbukira. Inali itaphunzira kuti makina abwino opanda choonera ndi chitsulo chabe, ndipo ulendo uno inafika ili ndi kampani yakeyake ya mafilimu, paja inagula Columbia mu 1989.

Nangozo, Indiana: Aphunzitsi mwakhudza pamene panali bala lenileni. Tangoganizani kuima pa shelefu: Sony Pictures, Disney, Fox, MGM ndi Lionsgate ali ku Blu-ray yokha. Universal ili ku HD DVD yokha. Warner ndi Paramount akutulutsa mbali zonse. Kenako mu Ogasiti 2007 Paramount ndi DreamWorks Animation analumphira ku HD DVD yokha, ndipo manyuzipepala akuno analemba kuti panali phukusi la madola pafupifupi 150 miliyoni. Ndiye ngati ana ako amakonda za Disney koma iwe umakonda za Universal, ugule makina awiri? LG inatulutsa makina owerenga zonse ziwiri mu 2007, Samsung nayo inatsatira, koma mtengo wake unali woti bola kungogula awiri osiyanawo.

Ankolo a ku Leeds: Ndipo tsiku limene ndinadziwa kuti ndagwa nayo ndi 4 Januwale 2008. Warner inalengeza kuti ikupita ku Blu-ray yokha. Anasankha nthawi yopweteka, kutangotsala masiku ochepa kuti chionetsero chachikulu cha zamagetsi cha CES chiyambe ku Las Vegas. A HD DVD anali atakonza msonkhano wa atolankhani, anangouimitsa. Zitatero zinangotsatizana. Pa 11 Febuluwale Netflix, imene nthawi imeneyo inkatumiza zimbale pa positi, inati isiya HD DVD, tsiku lomwelo sitolo ya zamagetsi ya Best Buy inati izilimbikitsa makasitomala kugula Blu-ray. Pa 15 Walmart nayo inati isiya HD DVD. Pa 19 Febuluwale mkulu wa Toshiba, Atsutoshi Nishida, anaima pamaso pa atolankhani ku Tokyo n'kunena kuti basi. Masabata asanu ndi limodzi okha. Tandiuza mphwanga wa magemu, m'masabata amenewo ndi wogula uti anafunsidwa maganizo?

Gemu Mpaka Kuche: Warner inanena yokha kuti ikutsatira kumene makasitomala akupita.

Ankolo a ku Leeds: Ukanakhala iwe ukananena kuti chiyani?

Nachisale ku Joni: Kkkk ankolo. Koma chilungamo, Warner inali ndi mantha enieni. Malonda a DVD anali atayamba kutsika, ndipo anthu ngati makasitomala anga aja sankagula chatsopano chifukwa choopa kugwa mbali yolakwika. Ena anasiyanso kugula DVD yomwe, kudikira kuti aone. Ndiye iwo anaona kuti nkhondoyi ikapitirira onse agona ndi njala. Anasankha mbali imene inali kale ndi makina ambiri m'nyumba za anthu. Ndiye nonse awiri muli ndi mbali yanu: manambala anali enieni, koma amene anawapanga manambalawo ndi gemu ija ndi mapangano a m'maofesi.

Shoo ya pa Mbayani: Ine ndakhala ndikuseka ndekha kuno. Mukukamba za madola 499, ife zaka zimenezo tinali ndi vidiyo shoo ya mabenchi, TV ya mainchesi 21, sipika panja kuti odutsa amve zibakera. Nkhondo yanuyo sitinaimve n'komwe. Ife nkhondo yathu inali VCD ndi DVD, ndipo inatha mwamtendere chifukwa timakina totchipa ta ku China tinkawerenga chilichonse chimene waikamo. Kasitomala wanga sankafunsa mizere ya chithunzi. Ankafunsa kuti muli ndewu? Ndi ya ku Nigeria gawo lachiwiri lafika? Kenako kunabwera zomasulira m'Chichewa zija, pamenepo ndiye zinatheratu, filimu yopanda womasulira ana ankatuluka. Ndipo chimbale chimene chinkayenda malonda ndi chija cha mafilimu 10 kapena 20 pa chimodzi, chithunzi chake nkhope ngati phala, koma munthu ankaona kuti wapindula.

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Bambo a shoo, ana a sukulu munatithawitsira ambiri inu.

Shoo ya pa Mbayani: Pepani aphunzitsi, tinkawabweza akavala yunifolomu kkkk. Koma mfundo yanga ndi yakuti ngakhale Blu-ray imene mukuti inapambanayo, kuno sinafike kwenikweni. Tinachoka pa DVD kupita pa fulashi ndi memori khadi. Lero mnyamata amapita pa kashopu ka kompyuta, amuikira mafilimu mu foni, wapita. Chimbale cha buluu ndinachigwira koyamba m'manja mwana wa mchemwali wanga atabwera ndi PS3 kuchokera ku Joni, ndipo chinali cha gemu ya mpira.

Kamagetsi wa ku Limbe: Zoona. Pa benchi yanga makina a Blu-ray amabwera mwa apo ndi apo, ambiri ndi ma home theatre amene anthu anagulira masipika, chimbale sanaikemo chiyambire. A HD DVD ndinaonapo amodzi okha, munthu anabwera nawo akuganiza kuti ndi DVD wamba yochedwa kuyaka. Ndipo amachedwadi. Oyambirira aja mkati mwake munali ngati kompyuta yathunthu, ukayatsa umatha kukathira madzi pa moto n'kubwerera asanatsegule thireyi.

Ankolo a ku Leeds: Anga obwera pambuyowa anali achangu pang'ono, musawanyoze onse.

Chimz wa ku Chilinde: Nkhani ya zigawo ija sindinaimvetse. Ndiye kuti ndikanagula Blu-ray m'malo mwa izi, zikanathekanso kukana?

Kamagetsi wa ku Limbe: Zikanatheka, kutengera kumene chimbale ndi makina zachokera. Pa Blu-ray, Africa yonse ili m'chigawo B pamodzi ndi Ulaya ndi Australia. America ndi Japan ndi A. Ndiye chimbale chotsekedwa cha ku America sichingaonetse pa makina ochokera ku UK kapena ku Joni. Zambiri sizotsekedwa, koma uziyang'ana kachilembo kuseri kwa kava. Pa DVD ndiye zinali zosokoneza kwambiri: Malawi ili m'chigawo 5 koma South Africa ili mu 2 pamodzi ndi Ulaya. Chinatipulumutsa ndi timakina totchipa tija timene a shoo anena, sitinkalabadira zigawo.

Nangozo, Indiana: Ndipo mukudziwa chimene chimandiseketsa? Chaka chomwecho cha 2007 pamene awiriwa ankakokana, Netflix inayamba mwakachetechete kuonetsa mafilimu pa intaneti. Blu-ray inapambana, inde, koma sinafikepo pamene DVD inafika. Lero Best Buy yomwe ija inasiya kugulitsa zimbale kumayambiriro kwa 2024, Netflix inatseka za positi mu Seputembala 2023, Samsung inasiya kutulutsa makina atsopano a Blu-ray kuno mu 2019. Toshiba nayo inameza malovu n'kutulutsa makina ake a Blu-ray mu 2009.

Gemu Mpaka Kuche: Xbox One mu 2013 inabweranso ndi Blu-ray mkati. Onse anagwada basi.

Nachisale ku Joni: Koma musathamangire kuika chimbale m'manda. Ine ndimalipira mwezi ndi mwezi, filimu imene ndinaiona chaka chatha lero ndikaifuna yachotsedwa. Ndipo kwathu ku Ntcheu ndikapita, ndi bandulo yanji imene ingakwanitse filimu ya maola awiri yooneka bwino? Netiweki ikangogwedezeka nkhope zimasanduka timabokosi. Chimbale ukagula ndi chako, ngakhale mvula igwe.

Ankolo a ku Leeds: Ndi chako ngati uli ndi choonetsera, achemwali. Funsani Chimz.

Nachisale ku Joni: Kkkkk mwandigwira pakamwa.

Admin: Abale, nkhani ya intaneti ndi zimbale tiitsegulire pake mawa. Pano tithandize mnyamatayu, achite chiyani ndi katoni yake?

Kamagetsi wa ku Limbe: Chimz, tatulutsa zimbale zonse m'makava uziyang'ane chimodzichimodzi. Kodi pali zina zimene zilibe chithunzi pamwamba, zowala mbali zonse ziwiri, zolemba zili timalemba ting'onoting'ono pa kamkombero ka pakati? Pa kava pamakhalanso mawu akuti Combo. Universal ndi Warner anatulutsa zambiri zotero: mbali imodzi HD DVD, mbali inayo DVD wamba. Cholinga chinali choti munthu agule lero, aonere pa makina akale, adzasangalale ndi mbali inayo akadzagula atsopano. Ngati zilipo, tembenuza uike mbali ya DVD. Chenjezo lokha ndi lakuti mbali ya DVD imeneyo imakhala ndi chigawo, ndiye zidalira kamakina kako.

Chimz wa ku Chilinde: Dikirani ndione.

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Pamene tikudikira, a ku Leeds, kodi sanakupepeseni ndi kalikonse atagonja?

Ankolo a ku Leeds: Ine sindinalandire kanthu aphunzitsi. Ndinabwerera ku sitolo kumene ndinagula, mnyamata wa pa kauntala anangondiuza kuti makinawo akugwira ntchito bwinobwino ndiye palibe chobweza. Ndipo sankanama. Chimene ndinapindula n'chakuti miyezi yotsatira zimbale zofiirazo zinagwa mtengo ngati tomato wa madzulo pa msika, ndinatola zambiri. Komanso makinawo amaonetsa DVD wamba mokongola kwambiri pa TV yaikulu, ndiye anatumikira zaka zingapo asanapite ku galaja.

Nangozo, Indiana: Kuno Warner mu 2009 inachita pulogalamu yotchedwa Red2Blu. Unkatumiza pepala la pa kava ya HD DVD ndi madola pafupifupi 5, iwo n'kukutumizira filimu yomweyo pa Blu-ray, chimbale chofiiracho n'kukhalabe chako. Kwa ine zinali ngati munthu wakugwetsa pa njinga kenako akukugulitsa bandeji motchipa.

Chimz wa ku Chilinde: Akuluakulu!! Zitatu ndi za mbali ziwiri. Ndatembenuza chimodzi, chaonetsa! Mayi anga akufunsa kuti ndikukuwa chiyani usiku uno.

Gemu Mpaka Kuche: Maliro adzuka kkkkk.

Kamagetsi wa ku Limbe: Ndiye 11 zotsalazo zikufuna makina ake. Njira zilipo: Toshiba yakale, kapena kabokosi ka Xbox 360 kaja ngati ungapeze ndi Xbox yake, kapena ma drive ena a kompyuta a LG amene ankawerenga mitundu yonse iwiri. Koma usanavutike, yang'ana kuti zingati ndi za Warner. Zimbale zawo zambiri za HD DVD za zaka zimenezo zinadziwika ndi vuto loola mkati. Kunja chimaoneka chatsopano, koma filimu imaima pakati kapena osayamba n'komwe.

Chimz wa ku Chilinde: Za Warner zilipo 5. Zina ndi Universal ndi Paramount.

Ankolo a ku Leeds: Mwana wanga, tamvera. Makina anga aja akadali m'galaja, rimoti ilipo, ndi zimbale zoposa 30 m'katoni. Pulagi ya kuno ndi ya mano atatu yomweyo ya kwathu, magetsi ndi ofanana, sufunika thiransifoma ngati katundu wa ku America. Pali m'bale wina akutumiza katundu pa kontena mwezi wa mawa, ndikhoza kuponyamo. Azakhali ako akamva kuti akuchoka m'nyumba muno mwina aphika nkhuku.

Chimz wa ku Chilinde: Ankolo mukunena zoona? Ndipereke zingati?

Ankolo a ku Leeds: Usapereke kanthu. Ungodzandijambulira chithunzi akuonetsa, ndidzawaonetse azakhali ako kuti ndalama ija sinapite pachabe. Kaye ndikawayatse kumapeto kwa sabata ino ndione ngati thireyi ikutsegukabe, paja akhala zaka osagwidwa.

Kamagetsi wa ku Limbe: Ikakana kutseguka musaikakamize ndi mpeni ankolo, kawirikawiri ndi kalamba ka labala kamene kamauma. Tumizani choncho, Chimz adzabwere nawo ku Limbe ndidzasinthe.

Chimz wa ku Chilinde: Ndalemba ku inbox ankolo. TV yanga ndi ya mainchesi 32, ili ndi HDMI imodzi yokha ndipo muli kale dikoda. Pali kanthu kogawira kapena ndizingozula?

Kamagetsi wa ku Limbe: Kalipo, kamatchedwa HDMI switch, m'mashopu a zamagetsi ku Area 2 sungakasowe. Ugule ka mabatani, osati kosintha kokha, timeneto timavuta ndi madikoda.